Wogula Afunidwe Mbande Zikali pa Nazale

Caka catha, m'mwezi wa Okutobala, mmodzi wa anyamata amene anamaliza maphunziro pano anatiimbira foni usiku, mau ake ali olefuka. Iye anali atalima matimati padimba la atate ake, ndipo analima monga momwe tinamuphunzitsira: mbande zathanzi, mizere yowongoka, manyowa okwanira, mitengo yocirikiza yozikidwa pa nthawi yake. Matimatiwo anabereka mocititsa kaso. Tsoka lake, anapsa mlungu umodzimodzi ndi matimati a alimi ena onse a m'dera lakelo, kotero kuti atafika nao kumsika anapeza mabokosi ataunjikana ngati njerwa, ogula akuchula mtengo umene sukanabweza ngakhale ndalama yolipirira galimoto. Anabwerera kumudzi ndi theka la katundu wake. Usiku womwewo anajambula mabokosi otsalawo, naika cithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp, nalemba kuti, "Matimati alipo, ochipa." Anzake a kusukulu anaciyamikira cithunzico, wina anafunsa za umoyo wa amai ake, koma wogula sanaoneke. Pofika tsiku lacitatu, madzi anali kukha pansi pa mabokosi.

Funso lake kwa ife linali lakuti, "Aphunzitsi, anthu amati pafoni pali msika. Nanga ine ndalakwa pati?"

Sitinamuyankhe msanga, cifukwa mbali ina ya colakwaco inali yathu. Kwa zaka zambiri maphunziro athu akhala akuyambira pa nthaka ndi kuthera pa kukolola, ngati kuti bokosi likadzaza ndiye kuti nchito yatha. Za kugulitsa tinali kuzikamba mothamanga m'mlungu womaliza, ophunzira atamanga kale zikwama. Mnyamata uja analima bwino, koma anayamba kufunafuna wogula tsiku limene anafunika kukhala akulandira ndalama.

Tiwerengere limodzi nthawi imene iye anali nayo. Mbande za matimati zimakhala pa nazale milungu inai kapena isanu, nthawi zina isanu ndi umodzi. Zikaokeredwa, pamapita miyezi iwiri ndi theka kapena itatu kuti muthyole bokosi loyamba. Imeneyi ndi miyezi pafupifupi inai imene anthu akanamudziwa, kuona munda wake ukukula, ndi kusunga nambala yake. Woweta nkhuku za nyama ali ndi nthawi yocepa kuposa apa, pakuti nkhukuzo zimakhala zokonzeka pa milungu isanu ndi umodzi, ndipo pa msinkhu umenewo nkhuku 100 zimatha thumba la cakudya la makilogalamu 50 m'masiku atatu cabe. Tsiku lililonse limene zikhala m'khola kuyembekezera wogula, zimadya phindu la mwini wake. Nyemba, nshawa ndi uci zimatha kudikira m'nyumba mpaka mtengo utakwera. Matimati, repu ndi nkhuku zakukhwima sizidikira, ndipo ogula amadziwa zimenezi bwino lomwe. N'cifukwa cake munthu wobwera ndi katundu wakupsa kale amapatsidwa mtengo wacipongwe, kaya ali pa Soweto ku Lusaka, kaya pa Kapata ku Chipata, kaya pafoni.

Cimene foni imatha kucita, cimene bolodi la m'mbali mwa mseu silingathe, ndi kuonetsa munthu wakutali mmene mumagwirira nchito kwa nthawi yaitali. Mai wophika cakudya cogulitsa pafupi ndi siteshoni ya mabasi, kapena wogula ndiwo za ana a sukulu yogonera komweko, safuna matimati a tsiku limodzi. Amafuna mlimi amene adzabweretsa mabokosi awiri Lolemba lililonse mosaphonya. Munthu wotere sakhulupirira mlendo amene watulukira lero ndi mau akuti "ochipa". Koma akaona cithunzi ca nazale yanu lero, mlungu wamawa ca mizere yookeredwa, kenaka ca maluwa, pambuyo pake ca zipatso zaziwisi pamodzi ndi mau akuti tidzayamba kuthyola pakatha milungu itatu, iye mwini ndiye amayamba kukufunsani mtengo. Pamenepo mumakambirana muli ndi mpata wokana.

Pali kanthu kena ka mmene WhatsApp imagwirira nchito kamene ambiri sakadziwa, ndipo n'kamene kanagwetsa mnyamata uja. Cithunzi cimene mwaika pa Status cimakhala maola 24 cabe, ndipo cimaonedwa ndi anthu okhawo amene inu munasunga nambala zao, iwonso anasunga yanu. Uthenga umene mutumiza kwa anthu ambiri nthawi imodzi, umene amaucha broadcast, nawonso umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Tsono m'foni mwa mnyamatayo munali abale ake, anzake a kusukulu ndi a kwaya, anthu amene nawonso ali ndi madimba ao. Anali kuitanira malonda m'nyumba ya amai ake. Nchito yoyamba, imene ilibe ulemerero uliwonse, ndiyo kucititsa kuti ogula enieni asunge nambala yanu. Ilembeni pa bokosi lililonse, pa thireyi ya mazira, pa bolodi la pamseu. Mukagulitsa kwa amai a pamsika, apempheni mwaulemu kuti, "Amai, ndisungireni nambala yangayi, kuti ndizikudziwitsani ndisanathyole," ndipo inunso sungani yao, mutalemba cimene amagula ndi kumene amagulitsira. Anthu 30 otere amaposa anthu 1,000 oyamikira zithunzi.

Amene ali ndi foni yolola, aikemo WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018 ndipo siigulidwa. Mmenemo mumalemba dzina la famu, kumene ili, maola amene mumagwira nchito, ndi mndandanda wa zimene mumagulitsa pamodzi ndi zithunzi ndi mitengo yake. Pa Facebook, ndi bwino kutsegula tsamba la famu losiyana ndi lanu la masiku onse. Tsamba laumwini limalola mabwenzi osapitirira 5,000, pamene la malonda lilibe malire otere ndipo anthu angapo angathe kuliyang'anira, cimene cimathandiza magulu a alimi ndi makopaletivu. Koma cifukwa cacikulu copatulira masambawa n'cakuti wogula mazira asamapeze mikangano yanu ya ndale, ya mpira kapena ya m'banja pakati pa mitengo ya mazira. Taonapo mlimi wakhama atataya wogula wamkulu cifukwa ca mau amene analemba atakwiya m'nyengo ya masankho. Wogulayo sanamutsutse; anangoleka kuyankha.

Uthenga wa malonda nawo uli ndi kalembedwe kake. Mau akuti "matimati alipo" amasiya wogula ndi mafunso asanu, ndipo wogula wotanganidwa safunsa, amangopita kwa wina. Nenani mtundu wake, kaya ndi Tengeru kapena wina, cifukwa ogulitsa pamsika amadziwa mtundu umene umalimba paulendo. Nenani kuculuka kwake, tsiku lothyola, kumene muli, ngati mudzapereka nokha kapena wogula adzabwera, ndiponso mtengo. Ena amabisa mtengo nalemba kuti wofuna afunse kumbali, poganiza kuti n'kucenjera. Ife timaona kuti zimenezi zimacititsa wogula kukayikira kuti mtengo umasintha molingana ndi nsapato zimene wavala. Lembani m'cinenero cimene wogulayo amalankhula. Kwa amai a pamsika, uthenga wa mau wojambulidwa m'Cinyanja umagwira nchito kuposa Cingelezi cothyokathyoka. Ndipo m'magulu a WhatsApp a mpingo, a maliro kapena a makolo a ana a sukulu, musaponyemo malonda popanda kupempha oyang'anira gululo, pakuti anthu amakumbukira amene anaika mitengo ya nkhuku pansi pa uthenga wa imfa.

Tsopano tifike pa nkhani imene ikutikhudza ife eni, ngakhale kuti siyokoma kuifotokoza. Nthawi ina, nkhuku za pano pa sukulu zinali pafupi kugulitsidwa, ndipo amene anali kuyang'anira malonda mlungu umenewo anaona kuti khola silinali looneka bwino. Anatenga cithunzi ca nkhuku za ulendo wapita, zimene zinali zonenepa kwambiri, naciika pamodzi ndi mtengo. Sanaganize kuti akunama; nkhukuzo zinalidi zathu, za m'khola lomwelo. Mai wina amene anali kukonza phwando la ukwati wa mwana wake anaitanitsa nkhuku zambiri poona cithunzico, nalipiriratu theka. Koma nkhuku za ulendo uno zinali zitavutika ndi kutentha ndipo zinali zocepa thupi. Zitafika, maiyo anazijambula pa sikelo, naika cithunzi cake pambali pa cathu m'gulu la WhatsApp la anthu a m'dera lathu, nalemba mau owawa, ndipo pomaliza anafunsa ngati umu ndimo mmene anthu opemphera amacitira malonda. Wina anawonjezapo mwambi uja wa cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pasanathe ola limodzi, mafoni athu onse anali kulira.

Maganizo oyamba amene anabwera pakati pathu anali oipa onse. Wina anati tipemphe woyang'anira gulu afafanize uthengawo. Wina anati tiyankhe kuti maiyo anaona yekha nkhukuzo pozilandira, nanga anazilandiriranji. Wina anati tingokhala cete, zidzaiwalika. Kufafaniza sikukanathandiza, cifukwa anthu anali atajambula kale uthengawo ndi kuutumiza kwina. Kukangana naye pagulu kukanacititsa anthu kusankha mbali, ndipo pakati pa sukulu ndi mai wokonza ukwati wa mwana wake, sitikukayika mbali imene akanasankha. Komanso, kuposa zonsezi, maiyo anali kunena zoona.

Cimene tinacita ndi ici. Tinamuimbira foni coyamba, tisanalembe kalikonse, ndi kumvetsera mpaka atamaliza. Tinagwirizana naye kuti tiwonjezere nkhuku kuti kulemera kwake kukwane cimene iye anayembekezera, ndipo tinazipereka tokha tsiku lomwelo. Kenaka tinalemba m'gulu lija mizere inai yokha: kuti cithunzi cinali ca nkhuku za ulendo wapita, kuti kumeneko kunali kulakwa kwathu, kuti takonza nkhaniyo ndi amai aja, ndi kuti kuyambira tsopano cithunzi ciliconse ca malonda athu cidzakhala ca tsiku lomwelo, nkhuku ili pa sikelo. Sitinachule dzina la amene anaika cithunzi, cifukwa tsamba ndi la sukulu, ndipo ife aphunzitsi ndife tinalephera kuika lamulo. Tinataya ndalama pa malonda amenewo. Ogula ena awiri anabweza maoda ao mlungu umenewo, ndipo mmodzi wa iwo sanabwererenso mpaka lero. Koma maiyo analemba yekha m'gulumo kuti nkhani yatha bwino, ndipo mau ake anacita zimene mau athu sakanatha.

Kucokera pamenepo timaphunzitsa kuti cithunzi ndi muyeso, monga meda, thini kapena sikelo. Tonse timaidziwa njira yakale yoika matimati akuluakulu pamwamba pa bokosi, ang'onoang'ono ndi obooka pansi. Kujambula mzere umodzi wokongola m'munda wodwala, kapena kutenga cithunzi ca famu ya ku South Africa pa intaneti ndi kuciika ngati canu, ndi njira yomweyo yavala malaya atsopano. Malemba amaikamba nkhani ya miyeso yonyenga mobwerezabwereza, m'buku la Levitiko, la Deuteronomo ndi la Miyambo, ndipo boma nalo lili ndi bungwe la Zambia Metrology Agency loyesa masikelo a malonda. Cithunzi cilibe woyesa wotere. Kusiyana kwina n'kwakuti wonyengedwa pamsika amadandaulira anzake awiri kapena atatu, pamene wonyengedwa pafoni amadandaulira mudzi wonse nthawi imodzi, ali ndi umboni m'manja. Walira mvula walira matope: amene afuna kudziwika ndi anthu ambiri avomerenso kuti zolakwa zake zidzadziwika ndi anthu omwewo.

Funso lina limene ogula a m'tauni amafunsa kawirikawiri masiku ano ndi la mankhwala. Cibwerere kambozi ka Tuta absoluta m'dziko muno mu 2016, alimi ambiri a matimati akhala akupopera mankhwala pafupipafupi, ndipo anthu akudya ali ndi nkhawa. Wina akakufunsani pagulu kuti munapopera liti, musakwiye ndipo musayankhe kuti simupopera konse ngati mumapopera. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira kucokera pa kupopera kufika pa kukolola. Ngati mumasunga buku la m'munda monga timalimbikitsira pano, mungathe kuyankha ndi dzina la mankhwala ndi tsiku lake, ngakhale kujambula tsamba la bukulo. Buku lija limene ambiri a inu munali kuliona ngati cilango ca aphunzitsi ndilo lingakupezereni wogula wa ku hotela. Cimodzimodzi ndi mau akuti "nkhuku za kumudzi" kapena "ndiwo zopanda feteleza": alembeni pokhapokha ngati ndi zoona kucokera pa ciyambi mpaka pa mapeto.

Pa za ndalama sititaya nthawi, cifukwa ambiri munamva kale, koma anthu akuberedwabe. Nambala yanu ikakhala poyera, akuba nawonso amaiona. Wina adzaitanitsa katundu, n'kukutumizirani uthenga wooneka ngati wa Airtel Money kapena MTN MoMo wonena kuti ndalama zalowa, n'kutuma mnyamata wa njinga kudzatenga katunduyo mofulumira. Musakhulupirire uthenga, yang'anani nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ngakhale ife fodya sitilima, mwambiwo timaulandira. Wina adzati watumiza ndalama kwa inu molakwitsa, mumubwezere. Winanso adzapempha manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp yakutumizirani. Mukamupatsa, walanda akaunti yanu ndipo ayamba kupempha ndalama kwa ogula anu m'dzina lanu. PIN yanu ndi manambala amenewo sizipatsidwa kwa munthu aliyense, ngakhale wodzicha wa ku kampani ya mafoni. Nambala ya malonda ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu ndi NRC yanu, kuti dzina limene wogula aona potumiza ndalama likhale lomwe akulidziwa. Kwa wogula watsopano wakutali, pemphani gawo la ndalama musanathyole kapena musanaphe nkhuku, ndipo inunso, mukalandira, tumizani cithunzi ca katundu ali pa basi, nambala ya basiyo ndi ya kondakitala.

Pali funso limene ophunzira athu amafunsa caka ciliconse, ndipo ndi loyenera. Malonda ambiri a ndiwo ndi nkhuku amagwa kumapeto kwa mlungu, maukwati ambiri amacitika pa Sabata, ndipo ku Chipata msika wina waukulu dzina lake lenileni ndi Saturday Market. Kale munthu akatseka geti la famu Lacisanu madzulo, malonda anali atatsekedwa. Lero msika uli m'thumba la jekete, ndipo umanjenjemera pakati pa Sukulu ya Sabata. Nehemiya, ataona amalonda a ku Turo akubweretsa nsomba mu Yerusalemu pa Sabata, analamula kuti zipata zitsekedwe kukayamba mdima. Foni nayo ili ndi cipata cake. Pa WhatsApp Business mungathe kukonza uthenga umene umayankha wokha pa maola amene mwasankha. Wathu umanena kuti kuyambira Lacisanu dzuwa litalowa kufika Loweruka dzuwa litalowa sitigulitsa, ndipo tidzayankha pa Sondo m'mawa. Sitikubisani, malonda ena amapita. Koma taona kuti cimene cimakwiyitsa wogula kwenikweni ndi kusayankhidwa popanda cifukwa. Akadziwiratu, ambiri amasintha okha: oda ya ukwati amaipereka Lacitatu, nkhuku amazitenga Lacisanu m'mawa. Colakwa cimene tiyenera kupewa ndi kutseka kwa ogula ang'onoang'ono n'kutsegulira mwakacetecete wogula wamkulu, cifukwa zimenezo nazo zimamveka.

Amene alibe foni yaikulu asadzione ngati wotsalira. Foni ya mabatani imaimba, imatumiza uthenga ndipo imalandira ndalama, ndipo kabuku kokhala ndi maina a ogula 20 amene mumawaimbira mlungu umodzi musanathyole kamagwira nchito yomweyo. Wailesi za m'madera, monga Breeze FM ku Chipata, zikali kufika kumene intaneti siifika. Alimi asanu a m'mudzi umodzi angathe kugwiritsa nchito foni imodzi ndi tsamba limodzi, ndipo akagwirizana kufesa motalikitsa milungu iwiri iwiri, amakhala ndi katundu mwezi ndi mwezi, cimene wogula wamkulu amafuna ndipo mlimi mmodzi sangacikwanitse.

Mnyamata uja anabweranso kudzationa m'mwezi wa Febuluwale. Ulendo uno anagawa dimba lake patatu, nafesa mosiyanitsa masiku. Mbande zikali pa nazale, anakwera njinga napita ku boma, nayenda m'malo ophikira zakudya ndi m'misika iwiri, akudzidziwitsa ndi kupempha manambala. Anatisonyeza foni yake: maina 26, lililonse lili ndi mau ofotokoza, monga "Amai a nsima, pa siteshoni, mabokosi awiri". Sikuti onse adzagula, ndipo mtengo wa matimati udzapitiriza kukwera ndi kutsika monga mwa masiku onse. Koma anthu anai anali atamuuza kale kuti awasungire a mlungu woyamba.

Kuyambira ndi gulu limene lilowe mwezi wamawa, phunziro la kugulitsa talisamutsa kucoka ku mlungu womaliza kupita ku mlungu waciwiri, tsiku lomwe timafesa pa nazale. Wophunzira aliyense adzafunika kubweretsa maina a ogula khumi asanaloledwe kuokera mbande zake. Inu amene munamaliza kale ndipo mukufuna kudzakhala nao pa phunziroli, dziwitsani ofesi ya sukulu pasadakhale, ndipo mubwere ndi foni yanu yochaja pamodzi ndi buku lanu la m'munda.